Musanagule ski yoyendera m'mapiri, kwerani kaye pa sikelo

Chipale chofewa sichigwa ku Chipata. Ngakhale mu June ndi July, pamene mphepo yotsika m'phiri la Kanjala imatidzutsa titavala majuzi awiri, chimene timaona kunja ndi mame ndi nkhungu basi. Komabe nkhani ya ski, matabwa aatali omangirira kumapazi poyenda pa chipale, yafika kwathu, chifukwa ana athu afika kumene kuli chipale. Ena ali ku Norway pa maphunziro kapena pa mapulogalamu osinthana antchito, ena ndi anamwino ku Canada, ena akuphunzira udokotala ku Russia. Akangothako nyengo imodzi yozizira amaona okha kuti kubindikira m'nyumba kuyambira November mpaka April kumadwalitsa mtima, ndipo anzawo a kuntchito amayamba kuwakokera kumapiri. Kenako uthenga umalowa pa WhatsApp: "Amalume, ndapeza ski yotchipa ya masentimita 200, ndigule?" Ine ndinakhalako ku Norway ndisanabwerere kuno, n'chifukwa chake funsoli limandipeza. Ndimayankha ndi funso linanso: "Iwe, ukulemera makilo angati utabereka chikwama?"

Ambiri amadabwa, poti amaganiza kuti chinthu chachitali chimayezedwa ndi msinkhu wa mwiniwake. Msinkhu uli ndi gawo lake, tifikako. Koma pa ski yoyendera kuthengo, nambala ya masentimita yolembedwa kumchirayo kwenikweni ikukuuzani kuti thabwalo ndi lolimba motani, ndipo kulimbako kuyenera kugwirizana ndi katundu amene mudzaliponderezere.

Mitundu iwiri imene imasokonezedwa

Tichotse kaye ski ya kumalo osewerera, kumene makina amakukwezani pamwamba inu n'kungotsetsereka, monga ku Afriski m'mapiri a Lesotho pakati pa June ndi August. Imeneyo ndi nkhani ina. Pano tikunena za kumene kulibe makina okukwezani ndipo palibe amene wasalaza njira. Pa ski ya kotero nsapato imagwidwa chakuzala kokha, chidendene chimanyamuka monga mmene chimachitira munthu akamayenda pansi.

Mtundu woyamba ndi umene anthu a ku Norway amautcha fjellski. Imakhala yaitali, yopyapyala, m'chiuno mwake (m'lifupi mwa pansi pa phazi) mamilimita a pakati pa 50 ndi 80, ndipo m'mbali mwake mumadutsa kachitsulo kogwirira pa chipale chouma gwa. Ntchito yake ndi mtunda: kudutsa malo okwera ndi kutsika pang'onopang'ono monga Hardangervidda, kuchoka pa kanyumba kena kupita pa kena mwa tinyumba ta DNT, bungwe la oyenda m'mapiri ku Norway, limene linakhazikitsidwa mu 1868. Makolo a ski imeneyi ndi amene Fridtjof Nansen anadutsira Greenland mu 1888 ndiponso amene Roald Amundsen anafikira ku South Pole mu December 1911, ndipo mpaka lero kampani ya Åsnes imagulitsa ma ski otchedwa Nansen ndi Amundsen.

Mtundu wachiwiri ndi wokwerera nsonga za mapiri n'cholinga chotsika mwaliwiro. Ku Norway amati topptur, ku France randonnée, ku Canada alpine touring. Iyi ndi yotakata, m'chiuno mamilimita 80 mpaka 110, yofupikirapo, nsapato yake ndi ya pulasitiki yolimba, ndipo pofika pamwamba chidendene chimakhomedwa kuti chisanyamuke potsika.

Kulemera kwa munthu kumakhudza mitundu yonse iwiri, koma mosiyana. Pa woyambawo ndi pamene kulakwitsa kumapweteka kwambiri, ndiye tikhalitsapo.

Mpata wa pansi pa phazi

Goneketsani fjellski pa simenti yosalala popanda woiponda. Muona kuti ikukhudza pansi kutsogolo ndi kumbuyo kokha, pakati pali mpata woti chala chilowe. Siyopindika mwangozi, anaipanga choncho, ndipo ogulitsa amautcha mpatawo camber. Chinsinsi chonse chili pamenepo.

Aliyense amene anaimapo pa galaja ya m'mbali mwa msewu wa Great East amawadziwa masipuling'i a galimoto, zitsulo zokhota zosanjikizana zija. A lole yonyamula thonje ndi ena, a kaveni konyamula tomato ndi ena. Mukaika a lole pa kaveni, sagonja ngakhale pang'ono, galimoto imangodumphadumpha ndipo matayala sagwira msewu bwino. Mukaika a kaveni pa lole, amaphwatalala katundu asanathe n'kukwezedwa komwe. Ski ndi sipuling'i yotero, ndipo katundu wake ndinu.

Kunsi kwa ski kuli zigawo ziwiri za ntchito zotsutsana. Kutsogolo ndi kumbuyo ndi koterera. Pakati, pansi pa phazi ndi kutsogolo kwake pang'ono, ndi pogwira. Pamenepo amapakapo phula lomata logwirizana ndi kuzizira kwa tsikulo (lobiriwira pa kuzizira koopsa, labuluu pa kuzizira wamba, lofiira chipale chikayamba kunyowa), kapena opanga amasemapo timizere tooneka ngati mamba a nsomba, toterera polowera kutsogolo koma tokola pobwerera m'mbuyo. Tsono poyenda munthu amachita zinthu ziwiri mosinthanasinthana. Akamatsetsereka ataima pa miyendo yonse, ski iliyonse imasenza theka la thupi lake, ndipo mpata uja uyenera kutsalako kuti pogwira paja pasakhule chipale. Akamaponda kuti adzikankhe, thupi lonse limagwera pa ski imodzi, ndipo mpata uyenera kutsekeka kuti pogwira palume chipale. Ski yokuyenerani ndi imene imakhala yotseguka pa theka la kulemera kwanu, n'kutsekeka musanafike pa kulemera kwanu konse. Munthu wa makilo 80 akufuna thabwa losagonja pa makilo 40 koma logonja mosavuta pa 80. Thabwa lomwelo likapatsidwa kwa mtsikana wa makilo 50, kulemera kwake konse kukungopitirira pang'ono pamene ilo limayambira kugonja.

Nanga kutalika kwalowa bwanji? Opanga amalimbitsa camber akamatalikitsa ski. Mu mtundu umodzi womwewo, ya 200 ndi yolimba kuposa ya 190, ya 190 kuposa ya 180. Ndiye posankha kutalika mukusankha kulimba. Pamenepa pali msampha: lamuloli limagwira mkati mwa mtundu umodzi wokha. Amundsen ya Åsnes inapangidwa yolimba, yowongoka, yoyendera mitunda italiitali pa chipale chouma munthu ali ndi katundu. Ingstad ya kampani yomweyo ndi yotakatirapo, yofewa kumutu, yoti iziyandama pa chipale chakuya ndi kukhota mosavuta. Zonse ziwiri zitha kulembedwa 190, koma pansi pa phazi sizimveka chimodzimodzi. Opanga amalemba tebulo losonyeza kutalika koyenera makilo a munthu, ndipo tebulo limene muyenera kuwerenga ndi la mtundu weniweniwo umene mukufuna kugula. Tebulo la ski ya mnzanu silikuthandizani.

Ikakhala yolimba kukuposani, mumaidziwa pa chitunda choyamba. Mukuponda, ski ikubwerera m'mbuyo. Mumayamba kudzikoka ndi ndodo, mapewa amatopa miyendo isanagwire ntchito, ndipo anzanu akamakwera mowongoka inu mukukwera chotangadza, nsonga zitaloza kunja. Choipa n'chakuti wophunzira kumene amadziimba mlandu yekha. Amati masewerawa si a ife, pamene vuto ndi thabwa logulidwa pa msinkhu wa munthu wina. Ndaona anthu amphamvu zawo, oti kwathu amapalasa njinga kuchoka ku Mtenguleni kufika m'tauni osapuma, akusiya ski kotheratu chifukwa cha chimenechi, ndipo zimandiwawa.

Ikakhala yofewa kwambiri, chitunda mumakwera bwinobwino, mavuto amayamba pachidikha. Mamba aja amakhula pansi nthawi zonse, amalira ngati chingwe chokokedwa pa lata, ndipo pamene mnzanu akuponda kamodzi n'kutsetsereka patali inu mukungoyenda wamba mutamangirira matabwa kumapazi. Ngati ndi ya phula, phulalo limatha msanga. Pa chipale chakuya pali vuto linanso: munthu wolemera amaipinda pakati, phazi limamira, nsonga n'kuloza kumwamba, moti sitepe iliyonse mumakhala ngati mukutuluka m'dzenje.

Pa ziwirizi, wophunzira kumene alakwire ku mbali yofewa. Woyenda pang'onopang'ono amafikabe pa kanyumba kusanade. Wobwerera m'mbuyo pa chitunda chilichonse amatha mphamvu, amatuluka thukuta, ndipo thukuta pa kuzizira kwa madigiri 15 pansi pa ziro ndi chiyambi cha ngozi.

Pali chinthu chinanso chimene chimachititsa kuti ma ski a kuthengo apangidwe ofewerapo kusiyana ndi a mpikisano. Mumsewu wosalazidwa ndi makina pansi pamakhala polimba, ndiye camber ili ndi poiphwanyira. Pa chipale chimene changogwa kumene pansi pamagonja, ndipo thabwa lolimba limangomira lonse mpata usanatsekeke. Choncho amene adzayenda kwambiri m'nkhalango momwe chipale chimakhala chofewa asathamangire kumapeto olimba a tebulo.

Kuyandama

Anthu amanena kuti ski yaitali imayandama bwino, ndipo ndi zoona, koma tiwerengere kuti ndi zoona mpaka pati. Tengani ski ya masentimita 190 imene m'lifupi mwake, tikaphatikiza ponse, muli pafupifupi masentimita 6.5. Malo amene imaponda ndi pafupifupi masikweya sentimita 1,235. Mukaitalikitsa ndi masentimita 10, mwawonjezera 65, kapena kuti magawo asanu pa 100 alionse. Mukaisiya pa 190 n'kuikulitsa m'lifupi ndi sentimita imodzi yokha, mwawonjezera 190, magawo 15 pa 100. Ndiye ngati nkhawa yanu ndi kumira, m'lifupi ndi mmene muli phindu. Kutalika kumathandiza kwambiri pa kuyenda mowongoka ndi kutsetsereka patali.

Koma m'lifupi muli malire akenso. Misewu yosalazidwa imene imazungulira mizinda ngati Oslo ndi Trondheim imakhala ndi timigula tiwiri mmene ski imayendamo, ndipo ski yopitirira mamilimita 68 kapena 70 pamalo ake otakata kwambiri silowamo bwino. Ngati maulendo anu ambiri adzayambira mumsewu wotero, zimenezi muziganizire. Samalaninso ndi manambala a m'maina. Fischer Traverse 78 ndi S-Bound 98 zikunena za kumutu kwa ski, pamene Madshus M62 kapena M68 zikunena za m'chiuno. Njira yabwino ndi kufunsa manambala onse atatu, kumutu, m'chiuno ndi kumchira. Nansen ya Åsnes, mwachitsanzo, ndi 76-56-66.

Kulemera kwake kuti?

Pafupi ndi msika wa Kapata mumapezeka anyamata okhala ndi sikelo yaing'ono pakhonde la sitolo, munthu amapereka kandalama n'kukwerapo. Onani mmene anthu amachitira: mayi amatula dengu, amavula nsapato, nthawi zina ndi juzi yomwe, kuti singano isapite patali. Pa nkhani ya ski chitani mosemphana ndi zimenezo. Thabwa silidziwa kuti makilo awa ndi a thupi, awa ndi a chikwama. Limamva zonse zimene zili pamwamba pake. Valani zonse zimene mudzavale, nsapato za ski zomwe, berekani chikwama chili ndi fulasiki, chakudya, jekete yosungira, fosholo, kenako kwerani. Pa ulendo wa tsiku limodzi si zachilendo kupeza kuti mwawonjezera makilo 8 kapena 10 pa thupi lanu. Pa ulendo wogona m'tinyumba masiku angapo zimapitirira pamenepo. Anthu a ku Norway amaidziwa bwino nkhani ya katunduyi: pa mpikisano wa Birkebeinerrennet, wa makilomita 54 kuchoka ku Rena kufika ku Lillehammer, aliyense amayenera kubereka chikwama cha makilo osachepera 3.5, pokumbukira khanda lachifumu, Håkon Håkonsson, limene ankhondo awiri analiwolotsa mapiri pa ski mu 1206.

Matebulo ena amati lembani kulemera kwa thupi lokha, ena amati ndi katundu yemwe. Werengani timawu tating'ono ta pansi pa tebulo. Ngati sananene, ndipo chikwama chanu chikukukankhirani mu gulu lotsatira, ganizirani ulendo umene mudzayende kawirikawiri. Wogula chifukwa cha ulendo umodzi waukulu wa pa Pasaka, pamene masabata ena onse amayenda ndi kachikwama ka buledi ndi tiyi, adzavutika masabata onsewo ndi thabwa lolimba.

Ndipo dziyezereni komweko, pa nthawi yogula. Nambala imene munaiona ku chipatala pokapimitsa za visa ikhoza kukhala itasintha, poti chakudya chasintha ndipo kuyenda pansi kwachepa.

Chileyi ndi nkhani yosiyana. Amene amakoka katundu pa chileyi chimene amachitcha pulk saika kulemerako pa ski, chimakhala pa chipale kumbuyo kwake. Iyeyu safunika ski yaitali chifukwa cha katunduyo. Chimene akufuna ndi kugwira kowonjezera, ndipo amachipeza pomata kachikopa kakafupi pansi pa phazi, monga X-Skin ya Åsnes kapena Easy Skin ya Fischer. Kachikopa kameneka kamapulumutsanso munthu amene wapezeka ndi ski yolimbirapo pang'ono, ngakhale kamachepetsa liwiro.

Msinkhu ndi kulemera zikatsutsana

Kale, nthawi ya ma ski a mtengo, munthu ankaimika dzanja m'mwamba ndipo nsonga ya ski inkayenera kufika pamene chikhatho chimayambira. Lero pa fjellski ambiri amayambira pa msinkhu wa munthu kuwonjezerapo masentimita 10 mpaka 20. Lamuloli limagwira kwa munthu amene thupi lake ndi lapakatikati molingana ndi msinkhu wake. Ambirife sitili choncho.

Tiyerekeze mnyamata wamtali masentimita 185 koma wa makilo 62. Msinkhu ukumupatsa ski ya 200 kapena 205, imene inapangidwira munthu wolemera kwambiri kuposa iye. Sadzaitseka. Iyeyu atsatire sikelo, atenge ya 185 kapena 190, ngakhale ikuoneka yaifupi akaima nayo. Miyendo yake yaitali sidzadandaula, ndipo akafuna liwiro lowonjezera asankhe mtundu wopyapyala.

Tiyerekezenso bambo wa masentimita 165 ndi makilo 90. Apa ndi povuta. Sikelo ikumukankhira ku 200 kapena kupitirira, koma thabwa lomuposa ndi masentimita 35 ndi lovuta kulitembenuza pakati pa mitengo, lovuta kudzuka nalo akagwa, ndipo pokwera chotangadza michira imapondana. Kwa iyeyu yankho silipezeka mu tebulo limodzi. Ayang'ane mtundu umene mwachibadwa ndi wolimba kuti aupeze pa 185 kapena 190, kapena avomereze kuti mamba azikhula pang'ono posinthanitsa ndi kulamulira bwino. Ngati akukhala kumalo a zidikha zotambalala kopanda mitengo, atha kupita ku yaitali, chifukwa kumeneko kukhota n'kochepa. Ngati ndi kwa nkhalango ndi mitsetse, afupikitse. Ine kwa munthu wotere amene akuyamba kumene ndimanena yaifupi, mosazengereza.

Azimayi ambiri a misinkhu ya kwathu, masentimita 155 mpaka 162, amakumana ndi vuto lina: ma ski akale ogulitsidwa motchipa ambiri ndi a 190 kupita m'mwamba, ndipo chiyeso chimakhala chongotenga imene ilipo. Musatero. Makampani ena amapanga mitundu yofewerapo ya anthu opepuka, monga Cecilie ndi Liv za Åsnes, ndipo bambo wopepuka asachite manyazi kugula imeneyo, poti chasiyana ndi kulimba ndi utoto basi.

Matebulo amalumikizana m'malire mwadala. Mutha kupeza kuti makilo anu akupezeka pa 180 ndi pa 190 pomwe. Pamenepo ndi pamene luso ndi malo zimagamula: wozolowera, wodziwa kuponya thupi lonse pa mwendo umodzi, amatseka thabwa limene wophunzira wa kulemera komweko sangalitseke, chifukwa wophunzira amaopa kugwa ndipo amagawa thupi lake pa miyendo yonse iwiri ngakhale pamene akuganiza kuti waponda ndi umodzi.

Ya kunsonga za mapiri

Pa topptur nkhani ya mpata ija imachepa mphamvu. Pokwera amamata chikopa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Kale chinali chikopa chenicheni cha nyama ya m'nyanja yotchedwa seal, lero ndi ubweya wa mbuzi za angora, nayiloni, kapena zosakaniza. Chikopa chimagwira kaya ndinu wopepuka kaya wolemera. Choncho kutalika kumayambira pa msinkhu: ambiri amasankha ski yofika pakati pa chibwano ndi pamwamba pa mutu, ozolowera n'kupitirirako pang'ono.

Kulemera kumabwera pambuyo, kudzakankha chisankhocho m'mwamba kapena pansi. Pokhota potsika ski iyenera kupindika kuti ijambule njira yokhota. Wopepuka pa thabwa lalitali lolimba salipinda, limangothamanga naye mowongoka. Wolemera pa thabwa lalifupi lofewa amalipinda mopitirira, nsonga imamira pa chipale chakuya, ndipo pa liwiro limanjenjemera. Ndiye wolemera kuposa msinkhu wake apite kumtunda kwa malirewo, wopepuka apite kumunsi. Kusiyana kwake kawirikawiri ndi masentimita 5 mpaka 8, saizi imodzi.

Zinthu ziwiri zimasokoneza kuwerengaku. Choyamba ndi rocker, kutukuka kwa mutu wa ski kuyambira patali. Gawo lotukukalo silikhudza chipale cholimba, ndiye ski ya 180 yokhala ndi rocker yambiri imamveka ngati yaifupi kuposa nambala yake, ndipo munthu atha kuitenga yotalikirapo. Chachiwiri ndi kutembenuka pokwera. Pa phiri lotsetsereka kwambiri simukwera molunjika, mumayenda mokhotakhota, ndipo pa ngodya iliyonse muyenera kunyamula mwendo umodzi, kutembenuza ski yonse kuti iloze kumene mwachokera, kenako n'kubweretsa inzake. Kwa wa miyendo yaifupi mchira wautali umakola chipale pa ngodya iliyonse, ndipo ngodyazo zimachuluka. Apa kutalika kwa mwendo kumaposa sikelo.

Pali malo amodzi pamene makilo anu ayenera kunenedwa moona popanda kuchotserako: pochuna chomangira nsapato. Chimachunidwa kuti chimasule mukagwa moipa, ndipo nambala yake imawerengedwa kuchokera pa kulemera, msinkhu, zaka, kutalika kwa nsapato ndi mmene mumatsikira. Chikamangidwa mothina kuposa thupi lanu, bondo ndi limene limagonja m'malo mwa chitsulo. Musagwiritse ntchito nambala ya mwini wakale.

Ndipo ndisabise: ski yoyenera siikutetezani ku chigumukire cha chipale. Zigumukire zambiri zimayambira pa mitsetse ya madigiri 30 mpaka 45, yomwe ndi yokoma kutsikapo. Ku Norway chenjezo limatuluka tsiku ndi tsiku pa tsamba la pa intaneti la Varsom, pa mulingo wa 1 mpaka 5. Amene alibe kachipangizo kofufuzira wokwiririka, ndodo yobayira ndi fosholo, ndiponso sanaphunzire kuzigwiritsa ntchito, akhale kaye pa fjellski m'malo osatsetsereka.

Kuyesa ndi pepala

Tebulo ndi poyambira chabe, chifukwa matabwa awiri a nambala imodzi amatha kusiyana. Kuyesa kwenikweni kwa fjellski kumafuna pansi posalala, kapepala ndi mnzanu. Pakapeti sipayenera, ndipo pansi pa matabwa akale opindika pamanama. Ikani ma ski awiri moyandikana, imani pamalo pamene nsapato imakhala, mutabereka chikwama chanu, thupi mutaligawa mofanana. Mnzanu agwade, alowetse pepala pansi pa phazi limodzi. Liyenera kuyenda momasuka kuchokera cha kuchidendene mpaka kupitirira zala ndithu. Likakanika kulowa n'komwe, ski ndi yofewa. Kenako nyamulani mwendo winawo, thupi lonse likhale pa ski imene ili ndi pepala, muponde chakuzala monga mukudzikankha. Mnzanu akoke. Pepala liyenera kukana, mwinanso kung'ambika. Likatuluka mosavuta, thabwalo si lanu, ngakhale mtengo wake utsike chotani. Ma ski otakata ofewa, opangidwira kukhota, amatha kupana pepala ngakhale mwaima ndi miyendo iwiri, ndipo kwa iwo si vuto, anawapanga dala ndi mpata wochepa. Masitolo akuluakulu ali ndi makina opanikizira amene amaonetsa makilo amene ski imatsekekera. Ngati alipo, pemphani.

Musanagule, bwerekani. Ku Norway kuli malo otchedwa BUA m'matauni ambiri, amene amabwereketsa zida zamasewera kwaulere. Kuyenda Loweruka limodzi pa 180 ndi lotsatira pa 190 kumakuphunzitsani zimene tebulo silinganene.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, monga pa misika ya pa intaneti ya Finn ku Norway kapena Kijiji ku Canada, dziwani kuti camber imatopa ndi zaka, makamaka ngati ski inasungidwa itafinyidwa kapena pamalo otentha. Gundanitsani ma ski awiriwo kunsi ndi kunsi, muone mpata wapakati, kenako finyani ndi dzanja limodzi. Ikagwirana popanda kulimbana nayo, yatha mphamvu, ndipo nambala yolembedwa kumchira siikunenanso zoona. Onaninso ngati awiriwo akugonja mofanana ndiponso ngati kachitsulo ka m'mbali sikanayambe kupatukana ndi thabwa.

Otsala kunoko amene mukukonzekeretsa mwana ulendo, salaula akuthandizani pa zambiri. M'mabelo mumatuluka majuzi a ubweya, masokosi okhuthala ndi majekete otchinga mphepo abwino kwambiri, ndipo ubweya ndi umene ukufunika, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limaziziritsa. Koma nsapato za ski zimene nthawi zina zimatuluka m'mabelomo zisiyeni. Zambiri ndi za kumalo osewerera, zolemera, zosapindika, zosalowa pa ski yoyendera. Ngakhale pakati pa zoyendera zenizeni pali mitundu yosagwirizana, uliwonse ndi chomangira chake: NNN BC, 75 mm ya timabowo titatu kuzala, ndi Xplore ya kampani ya Rottefella. NNN wamba ya mumsewu wosalazidwa imafanana maonekedwe ndi NNN BC, koma kachitsulo kake ka kuzala ndi kakang'ono ndipo sizilowana. Nsapato mwanayo akagule komweko atavala masokosi amene adzayendere, kenako chomangira chogwirizana ndi nsapatoyo, ndipo azivale zonsezo pokwera pa sikelo.